Musanafuule Kuti Atibera

Ana anga, pali makamu awiri amene amalira maliro amodzi ngakhale sakhala pamalo amodzi. Loyamba ndi lanu amene mumathithikana m'zisakasa zoonetsera mpira Loweruka masana, kapena kupsa ndi dzuwa pa Kamuzu Stadium kuyambira m'mawa. Lachiwiri ndi lanu amene mumakhala tcheru pa kanema madzulo, foni ili kumanja, kuvotera mtsikana wa kwanu amene akuimba pa mpikisano wa luso. Wezulo yomaliza ikalira, kapena wolengeza akatchula dzina la wopambana, mfuu imakhala imodzimodzi: atibera! Nthawi zina mumakhala mukunena zoona. Nthawi zambiri ayi. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti simudzivutitsa n'kusiyanitsa, ndipo munthu wosasiyanitsa tsoka, kulakwitsa ndi kuba amagenda wosalakwa, wakuba weniweni n'kudutsa pambali pake akumupatsa moni.

Tiyambe ndi bala lathu lomwe, poti silinapole. Pa 18 Januwale 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Flames idakumana ndi Senegal ya Sadio Mané m'masewero omaliza a m'gulu pa chikho cha Africa. Chigawo chachiwiri chikupita kumapeto, zigoli kulibe, Gomezgani Chirwa adagwa m'bokosi akulimbana ndi Bouna Sarr. Woyimbira, Blaise Yuven Ngwa wa ku Cameroon komweko, adaloza pamalo omenyera penate. Dziko lonse lidadzuka pamipando. Kenaka adamuitana kuti akaone pa kanema wa VAR, ndipo pobwerako adafafaniza penate ija. Masewero adatha osagoletsana. Kwa ine ija idali penate, ndipo chifukwa changa n'chakuti lamulo la VAR limati chigamulo cha pabwalo chisinthidwe pokhapokha woyimbira akalakwitsa moonekeratu. Pomwe anthu odziwa mpira akutsutsanabe ataonera kambirimbiri, palibe choonekeratu pamenepo. Tikadagoletsa n'kupambana, tikadakhala pamwamba pa gululo ndi mapointi 6.

Koma onani zimene timasiya dala tikamafotokoza nkhaniyi. Penate si chigoli. Ikadayenera kudutsa Édouard Mendy, goloboyi amene chaka cham'mbuyo mwake adali atangotenga Champions League ndi Chelsea. Chachiwiri, tidathera pa nambala 3 ndi mapointi 4, ndipo tidapitirira chifukwa kuyambira 2019 chikhochi chili ndi matimu 24, zomwe zimalola ena anayi othera pa nambala 3 kulowa ndime yotsatira. Akadakhala malamulo akale a matimu 16, tikadalongedza zikwama usiku womwewo. Mwayi umenewo palibe amautchula. Chachitatu, patapita sabata imodzi ku Yaoundé, Gabadinho Mhango adamenya chigoli chapatali chija chimene dziko lapansi lidachiona, komabe Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi n'kutitulutsa 2-1. Tsiku limenelo adatiposa mpira. Mtima wa wochemerera umasunga zimene adamulanda, zimene adatola panjira umaziiwala m'mawa mwake.

Angerezi ndiwo angakuphunzitseni bwino za kuzungulira kwa mwayi umenewu. Mu 1966 pa Wembley, m'masewero omaliza a World Cup, mpira wa Geoff Hurst udagunda chitsulo chapamwamba n'kudumphira pansi. Wonyamula mbendera, Tofiq Bahramov wa ku Azerbaijan, adati walowa, England n'kupambana West Germany 4-2. Mpaka lero Ajeremani amakana kuti udalowa. Mu 1986 ku Mexico, Diego Maradona adagoletsa ndi dzanja pamaso pa goloboyi Peter Shilton, woyimbira Ali Bin Nasser wa ku Tunisia osaona, England n'kutuluka. Mu 2010 ku Bloemfontein, mpira wa Frank Lampard udagunda chitsulo n'kugwera mkati ndithu mwa golo la Germany, aliyense pa kanema adaona, koma woyimbira Jorge Larrionda ndi womuthandiza sadaone. Chikadakhala 2-2, masewero adatha 4-1. Dziko limodzi lomwelo lidadyapo kamodzi, n'kudyedwa kawiri. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambiri a inu simunagwirepo wezulo, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kwa woigwira. Woyimbira wa mpira waukulu amathamanga makilomita okwana 10 kapena kuposa pa masewero amodzi, nthawi zambiri ali wamkulu msinkhu kuposa osewera amene akuwathamangira. Amaona chinthu kamodzi, kuchokera pamene waima, mwina wina atamutchinga, ndipo ayenera kugamula mpweya usanabwerere m'chifuwa. Wonyamula mbendera ayenera kuona phazi la womenya mpira ndi phewa la wotchinga kumbuyo womaliza pa kamphindi kamodzi, anthu awiriwo atatalikirana mamita ambirimbiri. Diso la munthu silidapangidwe choncho. Inu mumaona chinthu chomwecho kasanu, pang'onopang'ono, kuchokera mbali zinayi, muli chikhalire ndi botolo kumanja, kenaka mumati munthuyo ndi mbava.

Taganizani za Janny Sikazwe, mnansi wathu wa ku Zambia. Pa 12 Januwale 2022 ku Limbe ya ku Cameroon, osati yathu ino, adathetsa masewero a Tunisia ndi Mali pa mphindi 85. Atamuuza, adawayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane, osaonjezera nthawi ngakhale padali mapenate awiri ndi khadi lofiira. Dziko lidamuseka, ena adati wadya ndalama za Mali. Chonsecho munthuyo adali atazunguzika ndi kutentha kwa dzuwa, ndipo atachoka pabwalo adapita naye kuchipatala. Uyu ndi munthu amene adayimbira masewero omaliza a chikho cha Africa mu 2017, adayimbiranso pa World Cup mu 2018, ndipo FIFA idamutenganso kupita ku Qatar kumapeto kwa 2022 komweko. Tunisia idalakwiridwa, zoona. Koma kulakwiridwa ndi munthu wodwala si kuberedwa.

Nanga Ghana mu 2010? Nthawi zambiri ndimamva achinyamata akunena kuti Africa idaberedwa usiku uja ku Johannesburg. Adaba ndani? Luis Suárez adatchinga ndi manja mpira wamutu wa Dominic Adiyiah pamzere wa golo. Woyimbira adamupatsa khadi lofiira, n'kupereka penate. Lamulo lidatsatidwa lonse, palibe chimene chidatsala. Asamoah Gyan adagunditsa chitsulo. Mungathe kudana ndi khalidwe la Suárez, mungathenso kunena kuti lamulolo n'lofewa, koma woyimbira wa tsiku limenelo musamutchule m'maliro anu.

Musaganize kuti ndikuti kuba kulibe. Kulipo, ndipo kumadziwika ndi mapazi ake. Pa 12 Novembala 2016 ku Polokwane, South Africa idapambana Senegal 2-1 m'masewero opitira ku World Cup. Woyimbira Joseph Lamptey wa ku Ghana adapereka penate ati Kalidou Koulibaly wagwira mpira ndi dzanja, pamene mpirawo udamugunda m'mawondo. Senegal sidagende basi ya wina aliyense. Idalemba dandaulo. FIFA idafufuza, ndipo china chimene chidamugwiritsa Lamptey chidali kayendedwe kachilendo ka ndalama za obetcha pa chiwerengero cha zigoli za masewerowo. Mu 2017 adamuletsa kuyimbira moyo wake wonse, masewero adabwerezedwa mu Novembala chaka chomwecho, Senegal idapambana 2-0 n'kupita ku Russia. Mvetsani bwino apa: South Africa sidapezeke ndi mlandu. Amene ankadyerera sadali ovala yunifomu, adali anthu obetcha okhala kutali ndi bwalo. Inu amene mumathera ndalama ya sopo ndi ya fizi pa tikiti za kubetcha, dziwani kuti mtsinje umene mukuthiramo kadontho kanuko ndi womwewo umene nthawi zina umakokolola oyimbira. Chaka cha 2018 mtolankhani wa ku Ghana, Anas Aremeyaw Anas, adajambula mobisa akuluakulu a mpira ndi oyimbira akulandira ndalama. Mmodzi mwa iwo, Aden Marwa wa ku Kenya, adali atasankhidwa kukanyamula mbendera ku World Cup. Adataya ulendowo pamodzi ndi ntchito yake yonse chifukwa cha madola 600.

Milandu imeneyi idatheka chifukwa padali umboni: zithunzi, mapepala, manambala. Palibe umodzi umene udatheka ndi mwala.

Titatopa ndi maso a anthu tidalirira makina. Chida choona ngati mpira wadutsa mzere chidafika pa World Cup ya 2014, ndipo chimenecho chilibe mkangano wambiri chifukwa funso lake n'la inde kapena ayi. VAR idafika mu 2018, ndipo walira mvula walira matope. Imaloledwa kulowerera pa zigoli, mapenate, makhadi ofiira ndi pamene khadi lapatsidwa kwa munthu wolakwika, koma woonera kanemayo ndi munthu yemwe uja wa magazi ndi mantha. Mu Seputembala 2023, Luis Díaz wa Liverpool adagoletsa chigoli chabwinobwino pa Tottenham, mbendera n'kukwera. Wa m'chipinda cha VAR adaona kuti si ofusayidi, koma ankaganiza kuti pabwalo avomereza kale chigolicho, ndiye adangouza mnzake kuti zonse zili bwino. Mpira udapitirira, chigoli chidafera pomwepo, Liverpool n'kugonja 2-1. Bungwe la oyimbira lidavomera kulakwa n'kutulutsa mawu onse amene ankalankhulana, koma mapointi sadabwerere. Kuno ku Africa, mu 2019, masewero omaliza a Champions League pakati pa Espérance ndi Wydad adathera panjira: chigoli cha Wydad chidakanidwa, osewera adati tikaone pa VAR, makinawo n'kupezeka kuti sakugwira ntchito.

Tsopano tibwere kwa inu a nyimbo ndi magule, chifukwa nkhani yanu ndi yolemera kuposa ya ampira, ndipo kusiyana kwake ndikufuna mukumvetse musanakaime pamzere wa mayeso. Woyimbira mpira, ngati ndi woongoka, alibe phindu pa amene wapambana. Mwini pulogalamu ya pa kanema ali nalo phindu, ndipo phindu lakelo silili pa luso lanu. Iye amagulitsa maso a oonera kwa makampani otsatsa malonda, n'kugawana ndi kampani ya mafoni ndalama za mauthenga ovotera. Ali ngati mwini chigayo: ufa utuluke woyera kapena mgaiwa, iye walandira kale yake pa thumba lililonse lolowa pakhomo. Zimenezi si tchimo, ndi malonda. Tchimo ndi la inu kulowamo mukuganiza kuti mwalowa m'kalasi ya mayeso momwe wokhoza kwambiri ndiye amakhala nambala wani.

M'mipikisano ikuluikulu ya kunja, musanaonane ndi majaji otchuka aja mumayamba mwadutsa kwa okonza pulogalamu, kamera kulibe. Iwo amasankha oimba bwino, amasankhanso dala oimba moipa kuti anthu aseke, ndi ena amene ali ndi nkhani yokhetsa misozi. Zojambulidwa za maola ambiri amazidula kukhala mphindi zochepa, ndipo wodulayo ndi amene amasankha kuti muoneke wofatsa kapena wamatama. Mu 2010 a X Factor ku Britain adavomera kuti adakonza ndi makina mawu a ena mwa oyesedwa asanawaulutse. Mmodzi mwa amene mawu awo adayambitsa mkanganowo adali Gamu Nhengu, mtsikana wobadwira ku Zimbabwe amene ankakhala ku Scotland. Gamu yemweyo adaimba bwino pa ndime yomaliza yosankha, koma jaji Cheryl Cole adamusiya n'kutenga Cher Lloyd ndi Katie Waissel, amene onse awiri nyimbo idawathawa pakati. Anthu miyandamiyanda adakwiya pa Facebook, ndipo mkwiyo udakula zitamveka kuti banja lake lili pa vuto la ziphaso zokhalira m'dzikomo. Okonza pulogalamuyo adakana kuti ziphaso ndizo zidachititsa. Choonadi chowawa n'chakuti malamulo a mpikisanowo ankalola jajiyo kusankha amene wamufuna, pa chifukwa chilichonse. Woyimbira mpira ali ndi buku la malamulo 17 limene mungamugwire nalo. Jaji wa nyimbo ali ndi khutu lake, ndi mawu a wokonza pulogalamu amene inu simuwamva.

Ndiye pali mavoti. Mu 2009 ku South Africa, M-Net idalengeza kuti Sasha-Lee Davids wapambana Idols. Patangopita masiku ochepa zidadziwika kuti mauthenga ambiri a pa foni adachedwa m'njira, ndipo atawerengedwa onse, Jason Hartman ndiye adali patsogolo ndi mavoti pafupifupi 200,000. Adangoti onse awiri apambana. Pamenepo panalibe wakuba, makina ndiwo adatsamwa. Ku Britain mu 2008, bungwe loyang'anira zoulutsa la Ofcom lidalipiritsa ITV mapaundi 5.675 miliyoni chifukwa cha chinyengo pa mipikisano yoimbira foni, momwe anthu ankalipira ndalama zawo pa zinthu zimene zidagamulidwa kale. Kumeneko kudali kuba. Ku Russia mu 2019, mwana wa woimba wotchuka Alsou adapambana The Voice Kids ndi mavoti odabwitsa. Kampani yofufuza za makompyuta idapeza kuti ambiri adatumizidwa ndi makina, ndipo Channel One idafafaniza zotsatirazo. Onani kuipa kwake: akuluakulu ofuna kugulira mwana ulemu adamugulira manyazi pamaso pa dziko lonse, mwana wa zaka 10.

Koma nkhani imene ndimafuna muisunge ndi ya ku South Korea. Mu Julaye 2019, pa mapeto a mpikisano wa Produce X 101 pa kanema ya Mnet, achinyamata oonera sadakhutire ndi zotsatira. M'malo motukwana okha, adatenga manambala a mavoti amene adaonetsedwa n'kuyamba kuchotsera. Adapeza kuti kusiyana kwa mavoti pakati pa opikisana oyandikana kunkabwereza nambala imodzimodzi, 29,978, kangapo konse. Mavoti a anthu enieni sayenda choncho. Adasonkhana, adapeza maloya, adakasuma. Apolisi atalowamo zidadziwika kuti mipikisano yam'mbuyo nayonso idakonzedwa, gulu la X1 limene lidapangidwa ndi opambanawo lidatha mu Januwale 2020, ndipo mkulu wokonza pulogalamuyo, Ahn Joon-young, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri. Oonera wamba ndi masamu a kuchotsera a ku pulayimale adagwedeza kampani yaikulu. Mukamati sukulu ilibe phindu kwa woimba kapena wampira, muzikumbukira amenewa.

Kwathu kuno ambiri amakumbukirabe Hazel Warren pa Big Brother Africa ya 2008. Uja sudali mpikisano wa luso kwenikweni, koma kavotedwe kake kali ndi phunziro. Dziko lililonse linkawerengedwa ngati voti imodzi, kaya muvote anthu chikwi kaya miliyoni. Pamapeto Hazel adafanana ndi Ricco wa ku Angola pa chiwerengero cha mayiko, ndipo lamulo lothetsera kufananako, loyang'ana maperesenti, lidakomera Ricco. Tidalira kuti atibera, koma lamulolo lidalipo mpikisano usanathe. Ife ndi amene tidalidziwa litatiluma. Mu 2010 a ku Zimbabwe adalira chimodzimodzi Munya Chidzonga atagonja kwa Uti Nwachukwu wa ku Nigeria ndi mayiko 8 kwa 7. Anthu andalama a kwawoko adasonkha madola 300,000, a Robert Mugabe n'kumupatsa, pamene wopambana weniweni adalandira 200,000. Anthu adaombera m'manja. Ine ndidangogwira pakamwa, poganiza za oimba ndi ochita zisudzo a m'dzikomo amene ndalama zotere zikadawamangira nyumba zojambuliramo.

Ndiye mukafuna kulowa mpikisano, kaya ndi wa mtundu wa E-Wallet, Sunbird Search for a Star kapena Chibuku Road to Fame imene taionapo kuno, kaya ndi ina imene idzabwere, lowani, sindikukuletsani. Siteji ndi siteji, ndipo kuima pamaso pa kamera kumaphunzitsa zimene kwaya ya kutchalitchi siingakuphunzitseni. Koma lowani maso ali otsegula. Pepala limene akupatsani kuti musayine, pitani nalo kunyumba, muliwerenge ndi munthu wodziwa. Funsani kuti mavoti ali ndi gawo lanji ndipo majaji ali ndi gawo lanji, amawerenga mavotiwo ndani, munthu mmodzi angavote kangati, ndipo mukafanana chimachitika n'chiyani. Funsani ngati mphoto ndi ndalama yapamanja kapena ndi lonjezo lojambula chimbale, ndipo ngati ndi lonjezo, nyimbozo zidzakhala za yani. Ngati mwapeka nyimbo zanuzanu, kazilembetseni ku COSOMA musanaziimbe pa kanema. Wokonza mpikisano woongoka sakwiya ndi mafunso otere. Amene wakwiya wakuyankhani kale.

Makolo anu musawaumirize kugulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti agule mayunitsi ovotera. Ndaonapo mabanja akuchita zimenezi, mudzi wonse kusonkha, mwana n'kutuluka ndithu sabata yotsatira chifukwa mnzake adali ndi malume wa sitolo m'tauni. Pomwe munthu amaloledwa kuvota kopanda malire, chimene chikupikisana ndi matumba a abale, ndipo thumba la mlimi silingalimbane ndi la wamalonda. Wopambana motero sadabe. Adagula chimene chidaikidwa pamsika. Ngati simukukondwa nazo, nthawi yokana ndi musanasayine.

Ndipo atsikana inu, ndi anyamata omwe, wina akakuuzani kuti ali ndi njira yokudutsitsirani mukakumana naye kumalo ogona alendo, dziwani kuti mpikisano wathera pomwepo, chayamba ndi china. Uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo, ndipo sungani mauthenga ake pa foni.

Mudzamva anthu akukutonthozani ndi mayina a otayika amene adadzakwera. Jennifer Hudson adathera pa nambala 7 pa American Idol mu 2004, mu 2007 n'kulandira Oscar. One Direction idali yachitatu pa X Factor mu 2010, koma idadziwika padziko lonse kuposa Matt Cardle amene adapambana. Nzoona zimenezo, koma musazimwe ngati mankhwala ogonetsa. Sadakwere chifukwa chogonja. Hudson adatuluka mu mpikisano ndi mawu ake omwe aja amene adakulira nawo m'kwaya ya tchalitchi ku Chicago, n'kupitiriza kugogoda pa zitseko. Pa aliyense wotere pali mazana amene adagonja n'kuzimirira, ndi opambana ambiri amene lero palibe amawakumbukira. Chimene mpikisano umakupatsani ndi miyezi ingapo yakuti anthu akudziwa nkhope yanu. Ngati m'miyezi imeneyo muli ndi nyimbo zokonzeka, gulu loimba nalo, ndi khalidwe lofika pa nthawi yake mukaitanidwa, mudzadya. Ngati miyeziyo muithera kuyenda pa mawailesi kufotokoza mmene adakuberani, oitana oimba pa maukwati ndi pa zochitika zamakampani adzakuopani, chifukwa palibe amafuna kulemba ntchito munthu wa milandu.

Ampira, langizo lanu n'lofanana koma lili ndi mano ake. Sewerani kufikira wezulo italira. Zigoli zambiri zalowa otchinga kumbuyo ataima, mkono uli m'mwamba, kudikira mbendera imene sidakwere. Musamuzungulire woyimbira ngati mukufuna kumudya. Lamulo lachisanu la mpira limati chigamulo chake pa zochitika m'masewero n'chomaliza, ndipo chimene mungatole pomukalipira ndi khadi basi. Didier Drogba adakalipira Tom Henning Øvrebø pamaso pa kamera mu Meyi 2009, Chelsea itamanidwa mapenate angapo n'kutulutsidwa ndi chigoli cha Andrés Iniesta. Chifukwa chokwiyira adali nacho. Chimene adapeza ndi chiletso cha masewero, Barcelona n'kukatenga chikho. Ngati timu yanu yalakwiridwa, kaputeni alankhule, akuluakulu a timu alembe dandaulo m'nthawi imene malamulo a ligi amalola, ndipo amene adajambula pa foni apereke zithunzizo. Inu ochemerera mukathyola mpanda n'kuthamangitsa woyimbira, chindapusa chimagwera timu imene mumati mumaikonda, ndalama imene ikadalipira osewera. Kumabwalo a kumudzi ndiye n'zomvetsa chisoni: woyimbira ndi mphunzitsi wa pasukulu yoyandikana kapena mnyamata wongodzipereka, wabwera pa njinga yake, ndipo akamenyedwa kamodzi sabweranso. Sabata yotsatira mumapatsa wezulo munthu wosadziwa lamulo ngakhale limodzi, n'kumadabwa kuti masewero akuthera m'zibakera.

N'chifukwa chake ndikufuna ena mwa inu mukaphunzire kuyimbira. Si onse amene mudzavale yunifomu ya Flames kapena ya Scorchers, koma wezulo ndi mbendera nazo zimakweza ndege. Bernadettar Kwimbira, mwana wa kuno kwathu, adanyamula mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ku Canada ndi mu 2019 ku France, mabwalo amene matimu athu sadapondepo m'zaka zimenezo. Adayamba ngati wina aliyense, kuphunzira malamulo ndi kuthamanga mayeso a mphamvu. Buku la malamulo a mpira limalembedwa ndi bungwe la IFAB, limapezeka laulere pa intaneti, ndipo limasinthidwa chaka ndi chaka, zosinthazo n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julaye. Ndalama ya bandulo imene mumaonera zigoli za dzulo ikukwanira kulitsitsa pa foni. Yambani ndi lamulo la 11 la ofusayidi ndi la 12 lonena za kugwira mpira ndi dzanja, poti ndi pamene mikangano yambiri ya m'zisakasa zanu imagona, ndipo mudzapeza kuti zina zimene mwakhala mukutukwanira oyimbira zidasinthidwa kalekale. Mukamaliza, pitani kwa akuluakulu a mpira a m'boma lanu mukafunse tsiku limene maphunziro a oyimbira atsopano adzayambe.